Odwala mtima tiwalondole mpaka kunyumba, koma ndalama ipite kwa namwino ndi mankhwala

Kuyambira pamene boma la America lidadula gawo lalikulu la thandizo lake kumayambiriro kwa 2025, funso lakuti kandalama kochepa ka zaumoyo kagwire ntchito yanji silikuchoka pakamwa pa anthu. Nkhani ikafika pa matenda a mgonagona, makamaka a mtima, anthu amagawikana pawiri. Ena akuti nthawi yakwana yoti odwala aziyang'aniridwa ali kunyumba kwawo kudzera m'mafoni amakono, mapulogalamu a pa intaneti ndi tizipangizo tovala pamkono totumiza uthenga kwa dokotala, poti m'mawodi mulibe malo ndipo madokotala a mtima m'dziko muno ndi owerengeka. Ena akuti amenewo ndi maloto a anthu a m'maofesi, ndipo dziko lomwe odwala ake amauzidwa kuti akagule okha mankhwala ku famase lisamatengeke ndi za kunja. Ine ndaima apa: kulondola wodwala mtima mpaka kunyumba kwake n'kofunika kuno kuposanso ku Ulaya, ndipo tiyenera kuyamba tsopano, koma ndalama yake ipite kwa namwino woimba ndi kuyankha foni, ku sikelo yoyezera thupi, ndi ku mankhwala osasowa. Chipangizo chamakono chibwere kumapeto, ngati pali chifukwa choti chibwere n'komwe.

Tiyambe tamvana za matendawo, chifukwa mtsutso wonsewu wagona pa mmene amayendera. Achipatala akati mtima wafooka, kapena monga amanenera odwala ambiri ataonetsedwa chithunzi cha X-ray, "akuti mtima wanga unakula", sakutanthauza kuti mtima waima. Ukugundabe, koma sukupopa magazi okwanira, ngati mjigo wotha mphira womwe umangolira ndowa osadzadza. Impso zikaona kuti magazi akufika ochepa zimayamba kusunga mchere ndi madzi, ndipo madziwo amakadikha m'mapazi, m'miyendo, m'mimba, kenako m'mapapo. Chofunika kwambiri n'chakuti nthawi zambiri madzi amenewa sadzadza usiku umodzi. Amaunjikana pang'onopang'ono kwa masiku angapo, mwina sabata kapena kuposerapo, munthu asanafike pobanika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, choncho sikelo imatha kuwaona maso asanawaone. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri a mtima a ku Ulaya amati wodwala akakwera ndi makilo oposa 2 m'masiku atatu adziwitse achipatala, kapena aonjezere mankhwala okodzetsa monga adamulangizira. Masiku amenewo, apakati pa kuyamba kutupa ndi kugonekedwa pa okosijeni, ndiwo akutitayika, ndipo panopa palibe amene akuwagwiritsa ntchito.

Chinanso choti timvane n'chakuti kuno matendawa si a nkhalamba zokha. Kafukufuku wa THESUS-HF, wotsogoleredwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2012, adalondola odwala 1,006 m'maiko 9 a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Zaka zawo, kuziphatikiza n'kugawa, zidali 52 zokha, pomwe ku Ulaya odwala otere amakhala a zaka za m'ma 70. Pafupifupi theka adadwala chifukwa cha BP, ena chifukwa mnofu wa mtima udangofooka, ena chifukwa cha mavavu a mtima omwe adaonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi ali ana. Pomatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 18 mwa 100 alionse adali atamwalira. Malawi sadali nawo m'kafukufukuyo, koma ziwerengero zathu zikuloza komweko. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Ku Lilongwe atayeza mitima ya ana 1,450, ana oposa 3 mwa 100 alionse adapezeka kale ndi zizindikiro za mavavu oonongeka. Onjezanipo amayi omwe mtima umawafookera chakumapeto kwa pakati kapena atangochira. Tikunena za anthu omwe akulipirira ana sukulu, akulima, akuyamwitsa.

Tsono taonani mmene zimayendera masiku ano. Mayi wafika pachipatala cha boma ali wefuwefu, miyendo itatupa mpaka m'ntchafu. Amubaya Lasix, mankhwala okodzetsa, amuika pa okosijeni, ndipo pakatha masiku angapo akukodza bwino, akupuma, akudya. Amulembera mankhwala m'kabuku kake n'kumuuza kuti adzabwerenso mwezi wamawa. Gadiyani amanga katundu, ulendo wa kumudzi. Sabata yoyamba zonse zili bwino. Sabata yachiwiri kwagwa maliro kwa achibale, ndipo mayi uja asiya mankhwala okodzetsa masiku awiri, poti pasiwa, pakati pa anthu, sangamadzukedzuke kupita kuseri. Ndiwo za pamaliropo nazo n'zamchere. Akabwerako patapata zayamba kuthina, usiku akugona chokhala atatsamira khoma chifukwa akagona chagada akubanika. Iye akudziwa kuti zinthu zasokonekera, koma tsiku lomwe adamulembera likadali kutali, ndipo ya njinga yamoto yopitira kuboma pakhomo palibe. Akubanja ayamba kunong'onezana kuti kutupa kotereku ndi mdulo, wina pakhomo pano sadayende bwino, makamaka ngati wodwalayo ndi mayi wongochira kumene. Ayambira kwa asing'anga. Pomadzafikanso kuchipatala ali pa ngolo, impso zitavulala kale. M'mwezi wonsewo palibe wachipatala ndi mmodzi yemwe amene adamufunsa kuti mwadzuka bwanji.

Anzathu okonda zamakono amati yankho n'lachidziwikire: mpatseni mayiyo chipangizo, ziwerengero zizipita zokha pa kompyuta, kompyutayo iziliza belu zinthu zikavuta. Mfundo yawo ili ndi mutu ndipo sindikuinyoza, pakuti makina saiwala, satopa, sakondera. Koma zimenezi zidayesedwa kale m'maiko omwe ndalama si vuto. Mu 2010 ku America adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa Tele-HF, wa odwala 1,653 omwe adali atangogonekedwa chifukwa cha mtima. Theka la iwo ankayenera kuimba foni tsiku lililonse ku makina oyankha okha, n'kumadina manambala ponena kulemera kwawo ndi mmene akumvera m'thupi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, ogonekedwanso ndi omwalira adali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Odwala 14 mwa 100 alionse sadaimbeko ndi kamodzi komwe, ndipo pofika sabata yomaliza ongopitirira theka pang'ono ndiwo ankaimbabe katatu pa sabata. Mu 2016 zidatulukanso zotsatira za BEAT-HF ku California, wa odwala 1,437, ulendo uno ndi masikelo ndi makina a BP otumiza okha ziwerengero, komanso anamwino oimba foni. Koma anamwinowo akaona zodetsa nkhawa, chachikulu chomwe ankachita n'kulimbikitsa wodwala kuti alankhule ndi dokotala wake. Ogonekedwanso sadachepe.

Okonda zamakono adzandiyankha ndi Germany, ndipo akuyenera kutero. Kafukufuku wa TIM-HF2, wotsogoleredwa ndi Friedrich Koehler wa pachipatala cha Charité ku Berlin, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adaonetsa phindu lenileni pa odwala oposa 1,500. Oyang'aniridwa ali kunyumba ankataya masiku pafupifupi 18 pachaka chifukwa chogonekedwa mwadzidzidzi ndi vuto la mtima kapena chifukwa cha imfa, pomwe anzawo ankataya 24, ndipo imfa zidatsika kuchoka pa 11 kufika pa 8 mwa odwala 100 pachaka. Kuyambira 2022 inshuwalansi ya zaumoyo ya m'dzikomo imalipira chithandizo chotere. Koma tiyang'anitsitse zomwe adachita. Uthenga wa odwala unkafikira kwa madokotala ndi anamwino okhala pantchito usana ndi usiku, Lamulungu lomwe, omwe ankauona tsiku lomwelo, kuimbira wodwala, kusintha mankhwala mogwirizana ndi dokotala wake, ngakhale kumugoneka pakafunika. Zipangizo zidalipo ku California, zidaliponso ku Berlin. Mmene ndikuonera ine, chomwe chidasiyanitsa ndi munthu wokhala ndi mphamvu yochitapo kanthu tsiku lomwelo. Choncho amene akufuna kutigulira zipangizo ayambe wayankha funso ili: belu likalira 2 koloko usiku kuti wodwala wa ku Chitipa wabanika, akulimva ndani, ndipo ali ndi chiyani m'manja?

Nditembenukire tsopano kwa otsutsa a mbali inayo, omwe mawu awo ndi olemerapo. Iwo amati kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, nyumba zounikira magetsi sizidafike 12 mwa 100, ndipo foni ya m'manja idali m'nyumba pafupifupi theka lokha. Foni yomwe ilipoyo kawirikawiri imayenda ndi bambo, kutchajitsa n'kolipira pamsika, netiweki mpaka ukwere pachulu. M'dziko lotere, iwo akutero, kukamba zoyang'anira odwala pafoni n'kuseka anthu osauka. Zonse akunenazi n'zoona. Koma zikugwetsa chipangizo chodula, sizikugwetsa kulondola wodwala. Ndiponso mtunda womwe akuudandaulawo ndiwo ukupangitsa kuti foni ikhale yaphindu kuno kuposa ku Berlin. Wa ku Berlin akabanika ambulansi imamupeza mphindi zochepa, foni imangomuonjezera chitetezo pa chomwe ali nacho kale. Wa kumapiri a ku Dambe ku Neno, mvula itagwa msewu n'kuterera, foni ndiyo njira yokhayo yomwe mawu a wachipatala angamufikire lero. Kwa iye kusankha sikuli pakati pa foni ndi dokotala. Kuli pakati pa foni ndi kukhala chete mwezi wathunthu.

Komanso tisamachite ngati njirayi ndi yachilendo kwathu kuno. Chipatala Cha Pa Foni chidayamba ku Balaka mu 2011 ngati nambala yaulere yolangiza amayi apakati ndi olera ana, chidafalikira dziko lonse, kenako bungwe la VillageReach lidachipereka m'manja mwa unduna wa zaumoyo. Anthu adaonetsa kuti foni ya mabatani, ngakhale yobwereka kwa oyandikana nawo nyumba, imakwana kufunsira za moyo wawo. Ku Uganda, akatswiri a pa Uganda Heart Institute adatenga pulogalamu ya Medly, yomwe idapangidwa ku Toronto kuti iziyenda pa mafoni amakono, n'kuisintha kuti iziyenda ndi timanambala todina popanda intaneti, njira yomweyo timatumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Munthu amene amadziwa kulandira pafoni ndalama yochokera kwa mwana wake ku Joni sangalephere kudina 1 kapena 2 poyankha ngati mapazi atupa. Zamakono za mtundu umenewu, zotsika mtengo ndi zoyenda pa foni yomwe munthu ali nayo kale, ndilibe nazo mlandu, bola kuseri kwake kukhale munthu.

Chomwe ndikupempha n'chosavuta kuchifotokoza. Wodwala asatuluke m'wodi asanayezedwe kulemera kwake madzi atachoka, ndipo nambalayo ilembedwe pachikuto cha kabuku kake pamodzi ndi nambala ya foni ya kiliniki. Abwerekedwe sikelo yopondapo, yomwe ija anyamata amayezera anthu m'misika ya m'tauni, aisunge miyezi itatu yoyamba yomwe ngozi yobwerera m'wodi ndi yaikulu, kenako ipite kwa wina. Azidziyeza m'mawa uliwonse atakodza, asanadye, sikelo ili pamalo olimba, n'kulemba. Sabata isanathe namwino aimbe yekha osadikira kuimbiridwa, ndipo wodwala akangoflasha aimbiridwe tsiku lomwelo, mayunitsi akhale a kiliniki. Mafunso ake ndi ochepa: "Amayi, usiku wathawu mwagona ndi mapilo angati? Mukadina chala pamsongolo pakutsala kadzenje? Kumjigo mwafika osapumira panjira? Mapiritsi atsala angati?" Ndivomereze kuti sikelo payokha simaona zonse, alipo odwala omwe amabanika kulemera kusanasinthe kwenikweni, n'chifukwa chake mafunsowa ndi ofunika chimodzimodzi ndi nambala. Kumene kulibe foni, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo afike pakhomo n'kuimba ndi foni yake. Ndipo aliyense m'nyumbamo adziwe zomwe siziimbiridwa foni koma zofuna kunyamuka nthawi yomweyo: kubanika munthu atangokhala, kutsokomola thovu, kupweteka kwa pachifuwa, kukomoka, kusokonekera mutu.

Apa m'pamene madokotala ena amakweza dzanja, ndipo nkhawa yawo si yamwano. Iwo amati mankhwala a mtima si panado. Furosemide, yemwe ndi Lasix uja, akachuluka amaumitsa thupi n'kuononga impso, makamaka wodwala akatsegula m'mimba kapena nthawi yotentha ya mu Okutobala ku Chikwawa ndi Nsanje. Enalapril ndi spironolactone amatha kukweza potaziyamu m'magazi mpaka kusokoneza kugunda kwa mtima, ndipo zimenezi sungazione pafoni. Carvedilol akaonjezedwa munthu ali ndi madzi m'mapapo amamubanikitsa kwambiri. Ndiye mungamupatse bwanji namwino, kaya wodwala mwiniwake, mphamvu yosintha mlingo wa mankhwala? Yankho langa loyamba n'lakuti ngozi zimenezi zilipo kale lero, ndipo zikuchitika popanda woziona. Wodwala amene akutsegula m'mimba kumudzi akumwabe mapiritsi onse chifukwa palibe adamuuza kuti tsiku lotere aimbe foni. Wina akudzionjezera yekha, wina wasiya yekha. Chisankho cha mlingo wa mankhwala chili kale m'manja mwa wodwala masiku onse omwe sali pamaso pa dokotala. Funso n'lakuti achite zimenezi mumdima kapena ndi pepala lolembedwa ndi wachipatala, lonena mlingo woonjezera, masiku ake owerengeka, ndi nthawi yoti asiye n'kubwera.

Yankho lachiwiri ndi mbiri yathu yomwe. Pamene boma lidayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, adalipo omwe ankati mankhwala ovuta chotero sangaperekedwe popanda madokotala akuluakulu. Malawi adasankha ma clinical officer ndi anamwino, ndondomeko imodzi yolembedwa momveka, khadi la wodwala aliyense, ndi anthu olondola osowa pa tsiku lawo. Lero anthu oposa 900,000 ali pa mankhwalawa. Ku Neno, unduna wa zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda ena a mgonagona mu 2015, kenako adatsegula makiliniki a matenda aakulu a mgonagona otchedwa PEN-Plus pachipatala cha boma cha Neno ndi ku Lisungwi, komwe ma clinical officer ophunzitsidwa mwapadera amaunika mtima ndi kamakina konyamulika n'kusamalira odwala omwe kale ankayenera kupita ku Queens. Njirayi idafikanso ku Salima ndi Karonga, ndipo mu Ogasiti 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zidaivomereza pamsonkhano wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ku Lomé m'dziko la Togo. Choncho sindikunena kuti foni ilowe m'malo mwa kuonana maso ndi maso. Kafukufuku wa STRONG-HF wa 2022, wa odwala 1,078 m'maiko 14 kuphatikizapo Mozambique ndi Nigeria, adaonetsa kuti kuona wodwala kangapo m'masabata asanu ndi limodzi oyamba, kumuyeza magazi ndi kukweza mankhwala msanga, kudatsitsa ogonekedwanso kapena omwalira kuchoka pa 23 kufika pa 15 mwa 100 alionse m'miyezi isanu ndi umodzi. Kukweza enalapril, carvedilol ndi spironolactone kuchitikire pakiliniki, magazi atayezedwa. Foni ntchito yake n'kusunga wodwala pakati pa maulendo amenewo, ndi kuzindikira woti abwere mawa osadikira tsiku lake.

Pali chitsutso china chomwe chimandikhudza mtima kwambiri. Ena amati mawu akuti wodwala azidzisamalira yekha ndi njira yaulemu yomwe boma limatulira katundu wake pamutu pa wosauka, kuti akafa tidzati sankamvera malangizo. Umu muli choonadi chambiri. Kumuuza munthu kuti achepetse mchere pomwe ndiwo yake ndi usipa wouma, kapena kuti asagwire ntchito yolemetsa pomwe munda ukumudikira, n'kosavuta kwa wonenayo. Koma mankhwala a vuto limeneli si kusiya kuphunzitsa. N'kuphunzitsa zinthu zomwe zili m'khitchini mwake ndi m'thumba mwake. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzadza kwenikweni, koma ndani amamuuza mayi uja kuti soda yemwe amathira m'therere alinso ndi sodiyamu wosunga madzi m'thupi, kuti tizidulo togula tokometsera ndiwo n'todzadza mchere, kapena kuti chidulo cha phulusa chili ndi potaziyamu wambiri, woti womwa spironolactone afunse kaye asanachizolowere? Ndani amamuchenjeza kuti brufen, diclofenac ndi indocid, omwe amagula pa okala msana ukawawa, amasungitsa madzi n'kufooketsa mphamvu ya mankhwala okodzetsa? Ndipo za pamaliro zija, wachipatala akadamuuza kuti tsiku la ulendo angathe kusuntha nthawi yomwera piritsi lokodzetsa m'malo molisiya, akadapulumuka sabata ziwiri za m'wodi. Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chikufuna ndalama ya wodwala.

Ndiponso kudzisamalira kwathu kuno si kwa munthu mmodzi. Amene amathira mchere mumphika nthawi zambiri si wodwalayo, ndipo amene amalamula kuti tipite kuchipatala kapena kwa asing'anga mwina ndi amalume kapena apongozi. Gadiyani amene wagona pansi pa bedi m'wodi masiku onsewo ndiye woyenera kuphunzitsidwa limodzi ndi wodwala asanatuluke, osati kumangomutuma kukatsuka mbale. Ngati wodwala sadziwa kulemba, mwana wa sitandade 5 pakhomopo atha kulemba manambala a sikelo. Za mdulo sindikufuna kukangana ndi miyambo ya makolo m'ndime imodzi, koma namwino amene amalankhula ndi banja sabata iliyonse ali ndi mpata wonena kuti chitani zomwe mwagwirizana, koma mapiritsi asasiyidwe ndipo mubwere naye Lachinayi. Kompyuta singanene mawu amenewo, ndipo dokotala woona wodwala kamodzi pamwezi, anthu ena makumi ali pamzere, alibe nthawi yake.

Ena amati ndalama zonsezi zikadapita ku kupewa: kuyeza BP m'midzi, kuchiza zilonda zapakhosi mwa ana, kubaya jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi kwa omwe mavavu ayamba kuonongeka. Ndikugwirizana nawo, ndipo palibe mkangano apa. Ndi namwino yemweyo, kaundula yemweyo, foni yomweyo yomwe idzaimbire kholo la mwana amene wajomba jakisoni wake. Koma kupewa kudzathandiza odwala a zaka zam'tsogolo, ndipo omwe mtima udafooka kale ali m'mawodi lero.

Chitsutso champhamvu kuposa zonse ndachisunga kumapeto, ndipo sindinama kuti ndachigonjetsa. Namwino angaimbe, angazindikire kuti madzi akukwera, anganene kuti onjezerani piritsi, koma ngati furosemide adatha ku famase ya chipatala sabata yatha, zonsezo n'zachabe, ndipo mwina n'zopweteka kwambiri, pakuti wodwala akudziwa tsopano chomwe chikumupha ndipo sangachitepo kanthu. Amene akunena zimenezi akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndaika mankhwala pamodzi ndi namwino kuyambira pachiyambi. Chomwe ndingaonjeze n'chakuti mankhwala a mtima omwe tikunenawa ndi akalekale, opangidwa ndi makampani ambiri, otsika mtengo poyerekeza ndi masiku a m'wodi pa okosijeni, osanena za kutumiza munthu ku India. Chimodzi mwa zifukwa zomwe ma ARV sasowa kawirikawiri n'chakuti chipatala chilichonse chimadziwa chiwerengero cha odwala ake ndipo chimapereka malipoti miyezi itatu iliyonse. Odwala mtima m'zipatala zambiri alibe kaundula wotere, amangoonekera akagwa. Kiliniki yomwe ikulondola odwala ake pafoni imadziwa kuti ali angati, akumwa chiyani, ndipo mapiritsi awathera liti. Pamenepo oda ya ku Central Medical Stores imakhala ndi maziko, ndipo mankhwala akasowa pamakhala dzina la mankhwalawo ndi chiwerengero cha anthu omwe akhudzidwa.

Mantha anga enieni ali pa umwini wa ntchitoyi. Tidaona mapulojekiti ambiri akubwera ndi matabuleti, maphunziro a ku hotela ndi ma T-shirt, ndipo thandizo likatha matabuleti amatsekeredwa m'kabati, mayunitsi osagulidwanso. Zomwe zidachitika mu 2025 zatiphunzitsa kuti wopereka thandizo atha kuchoka popanda kutsanzika. Ndiye ngati tikuyamba, tiyambe ndi zomwe bajeti ya chipatala cha boma lililonse ingasenze yokha: namwino kapena clinical officer mmodzi yemwe ntchito yolondola odwala mtima yalembedwa pa dzina lake ndipo sachotsedwapo kukatseka mipata m'mawodi ena, wina womulowa m'malo akapita kutchuthi, foni ya kiliniki yokhala ndi mayunitsi mwezi uliwonse, masikelo obwereketsa, ndi zoyezera impso ndi potaziyamu mu labu. Abwenzi akunja akafuna kuthandiza, athandize pa maphunziro ndi makina ounikira mtima, koma malipiro ndi mayunitsi zikhale za boma. Ndipo makhansala ndi aphungu a m'komiti ya zaumoyo, m'malo mofunsa kuti tagula zipangizo zingati, azifunsa mkulu wa zaumoyo m'boma lawo manambala atatu miyezi itatu iliyonse: odwala mtima angati adaimbiridwa sabata isanathe chitulukireni m'wodi, angati adagonekedwanso m'miyezi itatu, ndipo furosemide adasowa masiku angati ku famase.